Mitengo Itatu Kuseri kwa Bafa

A Amosi Mpinga anali okonza njinga pa Nselema, pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi msika. Akabaza onse ankawadziwa chifukwa cha luso lawo pomanga masipoko. Mowa sankamwa, ngakhale fodya wamba sanamulawepo.

Mu 2017 akazi awo, a Elube, anapezeka ndi khansa. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti matendawo apita patali, nawapatsa mankhwala oziziritsa ululu. Koma ululuwo sunkamva. A Elube ankaluma chitenje kuti ana asamve kubuula kwawo, chakudya n'kumangochikankhira kumbali.

Malume awo a Elube atabwera kuchokera ku Mozambiki kudzazonda matenda, anasiya kapepala ka masamba ouma a chamba ndi njere zake.

"Muziwiritsa pang'ono, azimwa ngati tiyi," anatero.

A Amosi anakabisa kudenga kapepalako sabata ziwiri, akuopa. Sabata yachitatu anawiritsa. Matenda sanachoke, koma a Elube anayamba kupeza tulo, ndipo tsiku lina anapempha phala la mtedza mpaka kudandaula kuti mchere wachepa. Madzulo ake a Amosi anadzala njere zitatu kuseri kwa bafa.

Oyandikana nawo nyumba anali Che Akimu. Mwana wawo Salim anali atafika folomu 3 asanayambe kusuta chamba. Tsopano anali bambo wandevu woyendayenda mumsika, kumatola mapepala akudziyankhulira yekha. Che Akimu ataona masamba aja atasuzumira pamwamba pa mpanda, sanafunse kanthu. Anapita kupolisi.

Kukhoti a Amosi sanakane. Anawalamula kukhala kundende chaka ndi theka. A Elube anamwalira mwezi wachinayi, ndipo mwana wawo wamkulu, Esther, anafika kundende ndi uthengawo patatha masiku asanu chiikireni maliro.

A Amosi atatuluka anabwerera pamtengo wa mango paja, koma anali munthu wa mawu ochepa.

Mu 2020 wailesi inalengeza kuti aphungu avomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Akabaza amene ankadikira njinga zawo anayamba kukangana. Wina amvekere dziko lilemera, fodya watha ntchito. Wina amvekere dikirani muone misala ikudzaza misewu. Kenaka wina anatembenuka.

"Nanga inu a Amosi, miyezi yanu ija akubwezerani?"

A Amosi anapitiriza kupopa tayala. Atamaliza anati, "Miyeziyo asunge. Ine ndinkangofuna kukaponya dothi pamanda a mayi a Esther."

Mkangano unathera pomwepo.

Patapita masiku angapo, Che Akimu anafika akukankha njinga yoduka tcheni. Chitulukireni a Amosi, awiriwa anali asanapatsanepo moni. Che Akimu anafotokoza kuti Salim wayamba kugenda anthu, ndipo mawa akufuna kumukweza mpaka pokwerera minibasi, apite naye kuchipatala.

A Amosi anaitembenuza njingayo, mawilo m'mwamba.

"Ndikanadziwa kuti zinali za mayi aja," anatero Che Akimu, mawu osamaliza.

"Mukanafunsa."

"Ndikanafunsa mukanandiuza?"

A Amosi anayamba kumasula tcheni chija.

"Iyayi. Ndinali ndi manyazi."

"Koma mpaka lero sindivomereza kuti chamba achilole," anatero Che Akimu. "Ine ndimachiona m'nyumba mwanga tsiku ndi tsiku."

"Ndikudziwa, achimwene."

A Amosi analumikiza tchenicho, namanganso mabuleki ngakhale sanawapemphe, poganiza za katundu wa mawa lake.

Salim sanachire kwenikweni. A Amosi anagwira ntchito zaka zina ziwiri, mpaka maso anayamba kuchita nkhungu moti masipoko sankawaonanso. Esther anabwera kudzawatenga, ndipo pano amakhala naye ku Balaka.