Mapepala Amene Ndinachotsa pa Waya

Amuna anga anamwalira ine ndisakudziwa ngati anandikhululukira. Atayamba kudwala anapempha kuti tipite kwawo ku Zemba, akadwalire pafupi ndi amayi awo. Ine ndinakana. Ndinali wotayipa mu ofesi ya sukulu ya sekondale pa boma la Chadiza, ndipo ndinati ntchito siiyembekeza munthu. Anakwezedwa pa ngolo osanditsanzika. Ndinkapitako Loweruka lina ndi lina, koma nkhani yathu inkangokhala ya mankhwala ndi mvula.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pasukulupo panali kompyuta imodzi, yofunditsidwa chitenje poopa fumbi. Amuna anga ankaphunzitsa masamu, ndipo atapita ku kosi ya makompyuta ku Chipata anabwerako atagwa m'chikondi ndi zolemba mapulogalamu a kompyuta. Ana asukulu sankaloledwa kuigwira kompyutayo, ndiye mwana wasukulu wawo ndinali ine. Ankalemba funso papepala, monga lakuti kompyuta ipeze ngolo zofunika potuta matumba akutiakuti a thonje, ine n'kumavutika kufuna malangizo oiuza. Pamwamba pa pepala lililonse ankaika mzere umene kompyuta imaudumpha osauwerenga. "Uwu ndi wa anthu," ankatero. Mmenemo ndi mmene ankandinyogodolera, ati ndimatayipa ngati nkhuku yojompha chimanga cha eni.

Ali ku Zemba sanasiye. Munthu akamabwera pa boma pa njinga, ankamupatsira pepala lopindapinda. Sindinkawerenga. Ndinali ndi manyazi, komanso mantha. Ndinkangolitambasula n'kulibaya pa waya wokoleka kuseri kwa chitseko cha ofesi, mmene timasungira makalata. Waya amasunga bwino ndondomeko: lobwera poyamba limakhala pansi, latsopano pamwamba. Deti iwo sankalemba.

Maliro atatha, titameta, ndinabwerera kuntchito. Sindinkalira. Anthu ankati ndine wolimba mtima, koma thupi lonse linali ngati mwendo wochita dzanzi. Ndinkadya chifukwa nthawi yakwana, ndinkayankha moni chifukwa andipatsa.

Tsiku lina ahedi anaima pakhomo la ofesi. "Amayi, kukubwera mphunzitsi watsopano wa masamu. Mafunso a malemu aja angamuthandize. Muwasanje mutu ndi mutu, inu mumaitha ntchito imeneyi."

Ndinavomera msanga, poti manja anga ankafuna chochita. Ndinatenga mafoda anayi a khaki n'kulemba mitu yake: zowerengera, zosankha pakati pa njira ziwiri, zobwerezabwereza, zosanja mndandanda. Kenako ndinatsitsa waya uja, n'kusolola mapepala onse kuwakhuthulira pa tebulo pamodzi ndi akale a m'dirowa. Ndinkangoyang'ana pakati pa pepala, pamene pali funso, n'kuliponya ku mulu wake, monga timasankhira mtedza. M'foda iliyonse ndinayambira osavuta kumalizira ovuta. Ena ndinawasamutsa kawiri katatu. Ntchito inayenda bwino kwambiri, ndipo pofika masana ndinali nditamaliza.

M'mawa mwake ndinayamba kuwatayipa kuti akhalenso pa disiketi ya kompyuta, m'mafoda a mayina omwewo. Wotayipa amayambira pamwamba. Apo ndi pamene maso anga anagwera pa mizere ya anthu ija.

"Lero ndamwa phala, lakhazikika." Pena: "Mvula yadula, chimanga cha amayi chikufota." Pena: "Pabwalo pano ana akusewera mpira wa mapepala, ndikuwamva chabe." Ndinapitiriza kutayipa mafunso, mizereyo ndikuidumpha ngati kompyuta. M'foda ya zobwerezabwereza ndinapeza ili: "Ndakukwiyirani, mayi. Munandisiya ndibwere ndekha." Nditatembenuza mapepala atatu ndinapeza lina: "Ndilibe nanu kanthu kukhosi. Munachita bwino kutsala."

Ndinawaika pambali awiriwo. Loyamba kubwera linali liti? Onse anathotholedwa m'kope limodzi, cholembera chake chimodzi, zilembo zowongoka chimodzimodzi. Mafunso ake sanandithandize, poti iwo ankasakaniza dala, lero lovuta mawa lopepuka, ati mutu usazolowere. Ndinayang'ana ngakhale mabowo a waya, koma bowo ndi bowo. Mwina anayamba kukwiya kenako mtima n'kutsika. Mwinanso anayamba ndi kundimvetsa, matenda atakula n'kuwawidwa mtima. Yankho linakhala kuseri kwa chitseko miyezi yonse ija, ine n'kulimwaza ndi manja anga chifukwa chofuna udongo.

Nditapita ku Zemba ndinafunsa apongozi anga ngati ankanenapo za ine masiku omaliza. Anali akusenda nyemba, ndipo sanadzutse mutu.

"Mwananga, ine sukulu sindinapiteko. Ndinkangoona akulemba. Ndikafunsa ankati ndi zanu, mudzawerenga."

Mphunzitsi watsopano anabwera, ndinamupatsa disiketi ija. Anayamikira kuti sanaonepo mafunso osanjidwa bwino chotero. Ndinati zikomo.

Mapepala ndinapita nawo kunyumba m'mafoda ake, koma awiri aja ndinafuna kuwabwezera pa waya. Pa waya mapepala sakhala mofanana, lina liyenera kutsogola. Ndinaima kuseri kwa chitseko nthawi yaitali, limodzi kudzanja ili, lina kudzanja ilo. Ndinabaya lokwiya, kenako lokhululuka pamwamba pake. Lili pomwepo mpaka lero, ndipo nthawi iliyonse ndikatseka chitseko ndimaliwerenga, ndikudziwa kuti analiika pamwamba ndine.