Mtanda Wachitatu pa Dzina Langa

Ndinaganiza zochoka kwathu kwa Kanduku chaka chimene matalala anasasantha chimanga chathu chitangomasula ngaiyaye. Mkazi wanga Esinati anali ndi mwana kumsana, msonkho nawo unkandidikira. Ndinamuuza kuti ndikagwira zaka ziwiri zokha ku Rodeshiya ndipo ndibwerako. Iye anangondikazingira mtedza wa paulendo. Tinadutsa pa malire a Zobwe tili awiri, ine ndi Tobiyasi, mnzanga wa ku Thambani.

Tinalembedwa ntchito pa famu ya ng'ombe ya mzungu wina. Masiku ano ana akandifunsa kuti mzunguyo anali wotani ndimasowa chonena, chifukwa amene tinkawaona tsiku ndi tsiku anali akapitawo, a Juwawo, bambo wa ku Tete. Iwowo ndiwo ankasunga buku. Ng'ombe ikabereka ankalemba, ikadwala ankalemba, ndipo ife abusa tinali m'buku lomwelo, kumasamba akumapeto. Ukalakwa ankaika mtanda pa dzina lako. Lamulo linali limodzi: mitanda ikakwana itatu ntchito yatha, ndipo dzuwa lisakulowere uli pakomboni. Mzungu ankangosayina osakuyang'ana n'komwe.

Poyamba ndinkapatsira ndalama ndi kalata kwa anthu opita kumudzi. Nkhondo itakula m'njira ya ku Tete, anthu anasiya kudutsa, kwathu kunangoti zii. Zaka ziwiri zija zinasanduka zambiri. Lamulungu ine ndi Tobiyasi tinkakhala pansi pa mtengo n'kumatchula mayina a mitsinje yakwathu, chifukwa nkhani zina zinali zitatithera. Mawondo amene akundivutawa ndinawatenga komweko, m'mame a m'mawa.

Mtanda woyamba ndinaupeza fisi atagwira mwana wang'ombe. Wachiwiri, malungo atandigoneka. Kenako Tobiyasi anayamba kutsokomola, ndipo anakafera kuchipatala cha mishoni. Ndinapempha tsiku limodzi kuti ndikamuike, koma linali tsiku losambitsa ng'ombe kudipi. A Juwawo anandikaniza. Ndinapitabe. Munthu tinawolokera limodzi malire akanaikidwa ndi alendo okhaokha?

Nditabwerako, a Juwawo anali atalemba kale.

"A Juwawo, zaka zonsezi, mukundichotsera maliro?"

"Achimwene, ndikapanda kulemba, mtandawo ubwera pa dzina langa. Nanenso ndili nayo iwiri."

Sindinawakwiyire. Ndinali nditatopa kwambiri moti mkwiyo sindinaupeze. Ndinamanga bulangete langa pamodzi ndi jekete la Tobiyasi, ulendo wakwathu.

Nditatsika basi pa Mwanza boma, oyamba kundilankhula anali anyamata ofunsa khadi la chipani. Ndinagula, ndipo anandisiya. Kumudzi ndinapeza nyumba yafoleredwa bwino, khola la mbuzi lili kuseri, lomwe sindinamange ine. Mwana ndinamusiya kumsana uja anandipatsa moni atagwada patali, ngati mlendo wopempha madzi. Esinati anandilandira mwaulemu, osalira, osakalipa.

Patapita masiku ndinayenda wapansi mpaka ku Thambani kukapereka jekete lija. Njira yonse ndinkakonza mawu ouzira mkazi wa Tobiyasi. Ndinamupeza akupeta mphale. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapinda jeketelo bwinobwino.

"Zikomo kuti munawaika," anatero. "Koma ife tinalira kale. Makalata atasiya kubwera, akuluakulu anati tisadikirenso. Tinameta kalekale."

Ndinabwerera kunyumba. Esinati anali pakhonde akutongola mtedza. Ndinakhala pambali pake n'kumufunsa.

"Kodi inunso munandimetera?"

Manja ake sanaime.

"Tinameta, chaka chimene anamwalira amayi anu. Tinaphatikiza maliro awiri, ufa unali wochepa." Anakankhira lichero kwa ine. "Thandizeni apa, mawa ndi tsiku la msika."

Ndinayamba kutongola.