Mgwazo wa Amayi

Tsiku limenelo tinkasenda chinangwa choti tiyanike makaka. Ine ndinkasenda, amayi ankadula, achimwene anga a Zuze ankakonza thandala. Abambo anali atalawirira kudimba. Kwathu kunali tsidya la Ruo, ku Mozambique, ndipo ine ndinali nditangotha kumene msinkhu.

Mfuti yoyamba inalira cha kusukulu. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Kenaka tinaona utsi, ndipo mayi wina anadutsa pabwalo pathu akuthamanga, mwana ali kumanja, osapereka moni. Tinathawa mmene tinalili. Ndinazindikira tili kale m'tchire kuti mpeni wosendera uja ndikadali nawo m'manja.

Kudimba sitinapiteko. Njira ya kudimba ndi imene anthu a mfutiwo anadzera.

Pothawapo amayi anaponda chitsa, chinalowa m'phazi. A Zuze anang'amba mkono wa malaya awo n'kumanga balalo. Koma chimene chinkawaimitsa amayi si phazi ayi. Ankafuna kubwerera kukafuna amuna awo. Tikayenda pang'ono ankakhala pansi, nkhope n'kulozetsa kumene tachokera.

M'tchiremo tinakumana ndi anthu a midzi ina, nawonso akuthawira ku Malawi. Tinayenda limodzi, koma panalibe wokhulupirira mnzake. Sunkafunsa munthu kuti mwana wake wamwamuna ali kuti. Sunkanena kuti mudzi wanu wawotchedwa ndi ati, a boma kapena a m'tchire, chifukwa sunkadziwa kuti wokumvayo ali mbali iti. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

Wotsogolera anali bambo wina wamtali, a Nakoma. Ankati ndi mlenje. Ankadziwa tinjira tonse, ndiponso komwe asilikali amakonda kudutsa. Anali ndi nsapato zabwino, ndi kamchere m'thumba, pamene kwathu mchere unali utasowa kalekale. Ine ndinkawayang'ana m'mbali. Mlenje wanji wopanda ngakhale galu?

A Zuze anali atagwirapo ntchito yothyola tiyi kuno ku Thyolo asanabwerere kumudzi. Kuesiteti anaphunzirako zinthu ziwiri: kulemba Chichewa ndi kugwira ntchito ya mgwazo. Mgwazo ndi gawo limene kapitawo amakupatsa m'mawa. Ukalimaliza amachonga pa tikiti yako, tsiku lako latha. Ankati munthu ukayang'ana munda wonse wa tiyi manja amafooka, koma ukayang'ana mzere wako wokha umapezeka wafika kumapeto.

M'thumba mwawo munali kapensulo kotsala ngati chala ndi pepala la paketi ya shuga. M'mawa wina amayi atakana kudzuka, a Zuze anagwada pambali pawo n'kulemba.

"Amayi, za ku Malawi zisiyeni, n'kutali. Mgwazo wanu wa lero ndi uwu. Kufika pa mwala uwo. Kumwa madzi. Kudya kachinangwa. Basi."

Amayi sankadziwa kuwerenga. Koma anali munthu wosasiya mzere pakati. Kumudzi, dzuwa likaswa mtengo anzawo n'kuweruka, iwo ankatsala m'munda mpaka atsirize pomwe anadziikira. A Zuze ankawadziwa bwino amayi awo.

Titafika pa mwala uja anawapatsa kapensulo. Amayi anakagwira ngati akugwira singano, n'kuchonga okha. Kenaka anafunsa kuti chatsala n'chiyani.

Umo ndi mmene tinayendera. M'mawa uliwonse zinthu zitatu, osapitirira. Kutsika chigwa. Kutsuka bala. Kusatembenuka mpaka dzuwa lifike pamutu. Amayi akafooka masana, a Zuze ankatambasula pepala lija n'kuwaonetsa zochonga za masiku apitawo, mzere wathunthu. Ankawauza kuti zonsezi achita ndi iwo, ndi phazi lomwelo. Amayi ankafwenthera, n'kuimirira.

Anthu ankaona. Inu obadwa nkhondo itatha simungamvetse mmene pepala linkaopsera nthawi imeneyo. Anthu a mfuti akafika pamudzi ankabwera ndi mndandanda wa mayina. Ankaitana aphunzitsi, alembi, aliyense amene wina wamunenera. Dzina lako likawerengedwa, abale ako ankayamba kulira iwe uli chiimire. Choncho mnyamata wolemba m'mawa uliwonse, maso akuyang'ana mapiri ndi mitsinje, sankaoneka ngati akusamala mayi ake.

Poyamba anzathu a paulendo aja anangosiya kukhala nafe pafupi. Mayi wina amene ankatigawira mtedza analeka. Tikayandikira, nkhani inkatha.

Ndiye tsiku lina tinamva mfuti kumbuyo kwathu, pamalo pomwe tinapumula dzulo lake. Madzulo asanafike a Nakoma anawaitana a Zuze pakati pa anthu n'kuwauza kuti awerenge pepalalo. A Zuze anawerenga zonse, kuyambira pa mwala uja. Ena anaseka. A Nakoma sanaseke.

"Walemba ndiwe, ukuwerenga ndiwe. Ife tidziwa bwanji, amwene?"

M'gulu lonselo munalibe wina wodziwa kuwerenga Chichewa. Ine ndinangolawako sukulu ya Chipwitikizi, ndipo umboni wa mlongo wake ndani akanaumva? Pepala analitentha. Kapensulo a Nakoma anakathyola n'kukaponya m'thengo. Ndinakwiya mpaka kukukuta mano.

M'mawa mwake amayi sanadzuke. Phazi linali litatupa mpaka m'bondo. Anati tiwasiye pomwepo, abambo akamadutsa adzawapeza. Anthu anali atayamba kale kumanga timitolo tawo.

A Zuze anathyola kamtengo. Anasalaza dothi ndi chikhato patsogolo pa amayi, n'kulemba mizere itatu pansi. Anawauza kuti woyamba ndi kuimirira. Amayi anayang'ana mizereyo. Anagwira phewa langa, anaimirira, n'kuchonga ndi ndodo imene ankayendera.

Tinanyamuka mothamangira anzathu. Pothamangapo a Zuze anaiwala kufufuta.

Bambo wina amene anatsalira m'mbuyo kukadzithandiza anaiona mizere ija. Anabwera akufuula kuti mnyamata uja akusiya zizindikiro m'njira kuti otitsatira aziona. Amuna anatizungulira. Awiri anali ndi zikwanje. Ine ndinali nditafumbata mpeni wanga wa chinangwa mkati mwa chitenje.

A Nakoma ndi amene anagamula. Anati magazi sakhetsedwa, koma mnyamatayo asiyane nafe, adzere njira yake. Mayiyo ndi mtsikanayo akhoza kutsala m'gululo. Mpaka lero sindidziwa ngati ankawapulumutsa achimwene anga ku zikwanje zija kapena ankangochotsa munthu yekhayo amene akanatha kulemba zomwe waona.

A Zuze sanatsutse. Njira ya ku Ruo sankaidziwa kuchokera m'tchire limenelo, ndipo amayi sakanatha kusochera ndi phazi lotero. Ananditengera pambali. Anagwira ngodya ya chitenje changa n'kumanga mfundo zitatu. Anati m'mawa uliwonse ndizimanga chomwecho, amayi azimasula okha, ndipo ndisamawauze za mawa. Kwa amayi anati akutsogola, tikawapeza ku Masambanjati, komwe ankadziwana ndi banja lina logulitsa nthochi.

Analowa m'thengo osatembenuka. Malaya awo anali a mkono umodzi.

Ntchito ija inatsalira ine. Ndinalibe mawu okoma ngati a achimwene anga. Ndinkangoti, "Amayi, mfundo iyi ndi mtengo uwo," basi. Nthawi zina ndinkawakalipira. Ndinkamanga mfundozo mobisa, chitenje chili pamiyendo, chifukwa maso a anthu anali asanachoke pa ife. Amayi ankamasula imodziimodzi. Tsiku lina anamasula zonse dzuwa likadali pamutu, ndipo anandiuza kuti ndimange ina.

Tinafika pa Ruo m'mamawa, madzi ali ofiira. Panalibe bwato. Amuna analowa, madzi anawafika m'chifuwa. Amayi anaima pagombe, ndodo ili m'manja. Ine sindikanatha kuwanyamula, ndipo palibe amene ankatiyang'ana. Mfundo yomaliza ya ulendo wathu inali mtsinjewo.

A Nakoma anali atawoloka kale. Anaika katundu wawo pamwala, anabwereranso m'madzi, n'kudzagwada patsogolo pa amayi. Amayi anazengereza, kenaka anakwera kumsana. Ine ndinkatsatira pambuyo nditagwira chitenje chawo, kuopa kuti pakati pa mtsinje bamboyo awasiya. Sanawasiye. Anakawatsitsa pa udzu, tsidya lino.

Anthu a m'mudzi wa pafupi anatipatsa nthochi zowiritsa. Kuchipatala cha mishoni anamwino anachotsa kachidutswa ka chitsa kamene kanatsalira m'phazi, ndipo mwendo unapulumuka. Amayi atangotha kuponda anati tipite ku Masambanjati.

Banja logulitsa nthochi lija tinalipeza m'mbali mwa msewu. Anthuwo ankawakumbukira bwino a Zuze, koma anati sanafikeko. Anatisunga miyezi ingapo mpaka ine nditalembedwa ntchito kuesiteti.

Ndathyola tiyi mpaka msana kupindika. Tsiku loyamba kapitawo atandionetsa mzere wanga, ndinalira, ndipo anzanga ankaganiza kuti ndikuopa ntchito. Kulemba Chichewa ndinaphunzira ndili mayi wa ana. Mpaka pano m'mawa uliwonse ndimalemba zinthu zitatu kuseri kwa kalendala yakale, ngakhale zikhale kuchapa, kumwa mankhwala ndi kupalira nandolo. Adzukulu amandiseka kuti agogo ndi kapitawo wodzilamula yekha. Aseke. Munthu akalowa ndikulemba, dzanja limaphimba lokha pepalalo.

A Nakoma nawonso analembedwa ntchito pa esiteti yomweyo. Nyumba yawo inali m'malayini a nyumba za antchito, moyang'anana ndi yathu. Anakwatira, anakhala munthu wa tchalitchi, ndipo za uko sanazitchulepo. Amayi ankawapatsa moni mwaulemu m'mawa uliwonse. Koma chakudya chochokera kunyumba imeneyo sankadya, ankapatsa nkhuku. Bamboyo atadwala matenda awo omaliza, amayi anaphika phala n'kundituma. Anati ndikaike pakhomo, ndisakalowe.

Tsiku la msika amayi ankapita ku Masambanjati, osagula kanthu. Ankakhala pafupi ndi a nthochi aja n'kumayang'ana nkhope za amuna otsika m'magalimoto. Anachita zimenezi mpaka miyendo itakana.

Abambo ndi a Zuze sitinamvenso za iwo. Kaya sanawoloke, kaya anawolokera kwina. Amayi ndinawasunga ine. Anaona adzukulu awo, ndipo anamwalira ali nkhalamba, pamphasa yawo, m'nyumba yotseka chitseko.