Njira yachidule ya pa Chirwa

Ntchito ya pa boti anandipezera ndi alamu anga, chaka chimene madzi osefukira anakwirira munda wathu ndi mchenga ku Nazombe. Ananditengera ku dooko lina la nyanja ya Chirwa n'kundisiya m'manja mwa a Muhiwa, bambo wosakonda kuyankhula, amene ankanyamula ogula nsomba kupita nawo ku zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pakati pa njedza.

Boti lathu linali lamatabwa, lopanda injini. Tinkaliyendetsa ndi nsungwi yaitali: kuizika pansi n'kukankha mpaka manja afike kunsonga. M'mawa uliwonse ndinkatseka ming'alu ndi nsanza ndi phula, n'kukapa madzi ndi chigubu chodula.

Mu Okutobala, nyanja itaphwa kwambiri, a Muhiwa anadwala malungo ndipo ndinapita ndekha. Ku zimbowera ndinapeza msodzi wina, a Likhutcha, ali gone pamphasa, akutsegula m'mimba ndi kusanza, maso atalowa m'kati. Mng'ono wawo anandigwira mkono.

"Achimwene, tifikitseni kumtunda msanga, chonde."

Tinawakweza m'boti. Ngalande yathu ya masiku onse inali yozungulira. Ndinaona ina yachidule, madzi ake akuoneka bwinobwino, ndipo ndinalowa osayesa kuya kwake. Sitinapite patali, boti linakhala pamatope. Ndikazika nsungwi, inkangomira. Ine ndi mng'ono wawo uja tinatsika n'kumakankha, matope akulekeza m'chiuno, dzuwa lili paliwombo. Wodwalayo ankapempha madzi akumwa, koma anali atatithera. Tinabwerera cham'mbuyo mpaka ku ngalande yakale. Pofika padooko, a Likhutcha anali atasiya kupempha. Anatsirizika tikuwakweza pa njinga yakabaza.

Madzulo ndinakawafotokozera a Muhiwa ali pakhonde, atafunda bulangete. Sanandikalipire.

"Njira ija inafa mwezi watha. Ukanazika nsungwi pakhomo pake, ikanakuuza."

"Kodi ndikanadzera yakale, akanachira?"

"Sindine dokotala. Mawa ubwere, anthu akudikira."

Ndinabweradi, ndipo ndinakhala pa botilo zaka zingapo. Mng'ono wa malemu uja ndinkamunyamula kawirikawiri. Sanandinenepo kanthu, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Kuyambira tsiku limenelo sindinalowenso ngalande osayamba ndayesa. Ena ankadandaula kuti ndikuwachedwetsa, makamaka amene anali ndi changu chenicheni. Ndinkawamva, koma nsungwi ndinkaizikabe kaye.