Masiku Awiri Opanda Jakisoni

Ndikukumbukira kuti inali nthawi yothyola nandolo, mphepo ikuulutsa fumbi m'minda ya kuseri kwa Njuli, pamene ndinaswa kabotolo kanga ka insulini. Ndinali sitandade sikisi, ndipo panali patatha chaka chindipezereni ndi matenda a shuga. Kwathu anthu ankati amenewa ndi matenda a mabwana a m'tauni, ndiye ankadabwa kuti alowa bwanji mwa mwana wa mayi Felesiya, kunyumba kumene shuga tinkamuona pa Khirisimasi pokha.

Mankhwalawo tinkakalandira kuchipatala cha mishoni kamodzi pamwezi. Amayi ankasunga kabotoloko m'kamtsuko ka mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko, kuti kasatenthedwe. Poyamba ankandibaya okha m'mawa ndi madzulo, koma ntchito ya kumunda itachuluka anandiphunzitsa kudzibaya ndekha pantchafu. Ndinkanyada nazo kwambiri. Anzanga ankathawa akangomva za singano, ine ndinkaigwira ngati cholembera.

Lachinayi lina m'mawa ndinkachedwa kusukulu. Ndinatulutsa kabotoloko ndi manja onyowa, ndipo kanaterereka n'kugwera pamwala wa pakhomo. Sikanamveke n'komwe. Ndinangoona timadzi totuwa ngati mkaka wosungunula tikulowa m'dothi, fungo la kuchipatala likubwera kumphuno. Tsiku lokalandira kena linali kutsogolo milungu iwiri. Ndinaganiza za mtunda umene amayi ankayenda pokatenga, ndi mmene ankakagwirira ndi manja awiri ngati ansembe akukweza chikho. Ndinatola magalasiwo, ndinakataya m'chimbudzi, ndipo sindinauze munthu aliyense.

Kwa masiku awiri ndinkalowa m'chipinda, kukhala pang'ono, n'kutuluka ndikusisita ntchafu ngati ndadzibaya. Maganizo anga achibwana anali akuti ndikamadya pang'ono thupi silizindikira. Lachisanu ludzu linandigwira. M'kalasi ndinapempha kupita panja kasanu, mpaka aphunzitsi anafunsa ngati ndatsegula sitolo kuchimbudzi. Ndinamwa madzi pamjigo mpaka mimba inauma gwa, koma lilime linali ngati chikopa choyanika padzuwa.

Loweruka m'mawa ndinasanza phala, kenako ndinayamba kusanza ngakhale madzi. M'mimba munkapota, miyendo inali yolefuka, ndipo ndinkapuma mozama ngati ndakwera phiri la Chiradzulu mothamanga. Amayi anabwera kuchokera kumunda ndi dengu la nandolo pamutu, anandipeza ndili kwala pamkeka. Anawerama n'kununkhiza mkamwa mwanga. Kenako analowa m'nyumba, ndipo ndinamva dzanja lawo likufukula mchenga wa mumtsuko muja.

"Rozina, kabotolo kali kuti?"

Ndinawauza zonse ndikulira, koma misozi sinatuluke, m'thupi munalibe madzi. Ndinkayembekezera khofi. M'malo mwake ndinaona milomo yawo ikunjenjemera, ndipo ndi pamene mantha enieni anandilowa. Amayi ndinali ndisanawaonepo akuopa chinthu, ngakhale tsiku limene mphepo inasasula denga tili m'nyumba.

Bambo anali ku Limbe kumene ankagwira ntchito yaulonda, ndipo m'mudzi monse munalibe foni. Amayi anandibereka. Ndinali nditatalika kale, moti mapazi anga ankagundana ndi mawondo awo njira yonse. Kumsewu tinapeza a Namakhwa, bambo wakabaza amene tinkapemphera nawo kumphakati. Poona kuti sindingathe kukhala ndekha panjinga, amayi anandimangirira ndi chitenje kumsana kwa a Namakhwa, iwo n'kukwera njinga ina pambuyo pathu. Chipatala chaching'ono chapafupi tinangochidutsa, chifukwa amayi ankadziwa kuti mankhwala amenewa sankasungako.

Za ulendowo ndimangokumbukira zidutswa. Thukuta la pamalaya a a Namakhwa litandimata patsaya, mitengo ya bulugamu ikuoneka iwiriiwiri, ndi tulo tina tokoma timene tinkandikokera pansi. A Namakhwa ankandifunsa mafunso a katekisimu kuti ndisagone, ndipo ndikalakwitsa ankandikonza ngakhale ali wefuwefu pachitunda. Ndikakhala chete ankandigwedeza ndi phewa, n'kupalasa mwamphamvu kuposa kale.

Tinafika dzuwa litapendeka. Odwala oyendera anali atatha, ndipo bambo wa pazenera lolandirira mankhwala anali akutseka. Anatsegula buku langa la kuchipatala, anawerenga, n'kupukusa mutu. Anati zimene adokotala analemba tinalandira kale, ndipo iye sangapereke insulini popanda wina kulembanso, choncho tibwere Lolemba. Sanalankhule mwamwano ayi. Ankangotsata zimene anauzidwa, ndipo ine pansi pazenerapo sankandiona.

"Lolemba mwanayu sadzakhalapo," anatero amayi motsitsa mawu.

Ndinawamva. Ndinali nditagona pasimenti yozizira pafupi ndi mapazi awo, ndipo panapita kanthawi ndisanazindikire kuti akunena za ine.

Namwino wina wachikulire anali akuweruka, chikwama chili kukhwapa. Anatidutsa, kenako anaima. Anabwerera, anagwada pambali panga n'kumvetsera mmene ndinkapumira. Chikwama chija anachisiya pomwepo, n'kundinyamula yekha mpaka kuwodi. Anandibaya chala n'kudontheza magazi pakamakina, koma kamakinako sikanaonetse nambala. Anauza amayi kuti shuga wakwera kupitirira pamene kamatha kuyeza. Anatuma munthu kukaitana adokotala kunyumba kwawo, ndipo anabwera atavala patapata. Mitsempha yanga inali itabisala, moti anabaya kanayi asanapeze poika diripi. Adokotalawo analemba m'buku muja, zenera lija linatsegulidwanso, ndipo bambo yemwe uja anabweretsa yekha mankhwalawo akuthamanga.

Ndinagona m'chipatala masiku anayi. Amayi sanachoke pambali pa bedi, ndipo nandolo wawo anathyoledwa ndi anzawo a kumphakati. Ndinkadikirabe chilango changa, ndikuganiza kuti achisungira tsiku limene ndidzakhale ndi mphamvu zochilandira. Koma tili m'njira yobwerera, kabotolo katsopano atakamanga pamfundo ya chitenje, anangolankhula kamodzi osandiyang'ana.

"Kakadzasweka kena, undiuze ola lomwelo. Kukalipa kwanga sikupha munthu."

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimasoka zovala ku Limbe. Zambiri zinasintha. Ndili ndi firiji, ndili ndi kamakina kanga koyezera shuga, ndipo nambala ya anamwino ili m'foni. Kumudzi njinga zamoto zimafika mpaka pakhomo, ulendo uja umene unatidyera tsiku lonse amauyenda phala lisanazizire. Komabe mankhwalawa nthawi zina amasowa, ndipo kabotolo kakangofika pakati ndimayamba kale kufunsira kena. Amayi anakalamba, sakulimanso. Akandiimbira foni safunsa za adzukulu poyamba, ngakhale moni amamuiwala. Amangoti, "Atsala ochuluka bwanji?" Ndikayankha ndili chikhalire amadziwa, ndipo sakhutira. Ndimayenera kudzuka, ndikatsegule firiji iwo akumva, ndikweze kabotoloko powala n'kuwauza pamene afika. Ndikatero m'pamene amapuma, n'kufunsa ngati tadzuka bwino.