Anasiya Kundiitana ku Chilangizo

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka lero, ine mkazi wamasiye wothyola tiyi.

Bambo akunyumba atamwalira, ana onse ali ku Blantyre, chimene chinkanditulutsa m'nyumba kupatula ntchito chinali ulangizi. Tinalipo amayi angapo a mumpingo olangiza akwatibwi ukwati ukayandikira. Tinkatseka chitseko, kuyala mphasa, n'kumuuza mwana zonse za m'banja, ngakhale zakuchipinda, osabisa kanthu. Tikamaliza tinkamwa thobwa n'kumaseka mpaka nthiti kuwawa. Kuseka kwanga konse kunali kumeneko.

Nthawi imeneyo n'kuti zitabwera nkhani zija za pafoni, zotuluka zigawozigawo, za akazi odzisankhira amuna n'kumanena poyera zimene thupi lawo likufuna. Atsikana ankawerengerana pasikelo podikira kuyezetsa tiyi. Abusa anazidzudzula paguwa, ndipo ine ndinavomereza, pakuti zimene ndinamvako zinali zachigololo zokhazokha.

Loweruka lina tinkalangiza mtsikana wa ku Chonde. Mkulu wathu wa alangizi anamuuza monga mwa nthawi zonse kuti mwamuna akafuna, asamukanize. Mtsikanayo anawerama, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Nanga ndikafuna ineyo, amayi? M'nkhani ina ndinawerenga kuti mkazi ndiye anayambitsa. Kodi n'tchimo?"

"Mwaziona zipatso za foni?" anatero mkuluyo. "Iwe, mkazi wabwino sapempha. Amadikira."

Ndinakumbukira zaka zanga za m'banja, mmene ndinkadikirira chete ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe, ndipo pakamwa panga panatseguka. Ndinati mtumwi analemba kuti mkazi naye ali ndi ulamuliro pa thupi la mwamuna wake, monga mwamuna alili nawo pa la mkazi.

"Kwa mwamuna wako si tchimo, mwanawe. Nkhanizo uzisiye, koma funso lako n'labwino."

"Kani inunso mumaziwerenga, achemwali?" anatero mkulu uja. "Umasiye wakuvutani eti?"

Anzanga anaseka. Onse ankadziwa kuti foni yanga ndi yamabatani, koma anasekabe. Thobwa la tsiku limenelo silinatsike bwino.

Kuchokera pamenepo sanandiitanenso. Palibe anandithamangitsa. Ndimangomva Lamulungu akulengeza kuti mwana wa auje walangizidwa kale. Loweruka ndimachapa, ndimasesa pabwalo posesa kale, kenako ndimakhala pakhonde kuyang'ana mitambo ikutsika m'phiri. Ndakhala ndikupemphera kuti ngati ndinalakwa, Ambuye andionetse. Mpaka lero sanandionetse, ndipo vesi lija likadali pomwe linali.

Mtsikana uja ndimamuona kutchalitchi, mwana ali kumsana. Amandigwadira popereka moni, koma sachedwa, amaopa maso a anthu. Sindimusungira kanthu kukhosi.

Ambuye amene amaona wokhala yekha akudalitseni inu owerenga, apabanja ndi amasiye omwe, ndipo tsiku limene mudzafunse mwamantha, akupatseni wokuyankhani.