A Stefano Kalilu, Otsuka Magalimoto pa Boma

Akhristu anzanga, mwezi wathawu tinaika m'manda a Stefano Kalilu a mu mphakati wa Yosefe Woyera. Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe mbiri yawo m'kalata ya parishi, popeza nyumba yanga ndi yawo zinali zoyandikana kuyambira pamene ndinabwera kudzaphunzitsa kuno ku Nkhotakota. Ambiri mumawadziwa ngati mdala wotsuka magalimoto pachisakasa chaudzu pafupi ndi depoti. Ena mumawakumbukira atagwada pabenchi ya kumbuyo pa Misa ya m'mawa. Ine ndilemba zimene ndinaona ndi zimene anandiuza mayi Leah, akazi awo.

A Stefano anabadwira ku Liwaladzi m'zaka za m'ma 1950, m'banja lolima chinangwa ndi mpunga. Bambo awo anamwalira iwo ali mu Sitandade 4, ndipo sukulu inathera pomwepo. Anagwira khasu kuthandiza mayi awo kulera ang'ono awo. Lamulungu ankayenda ulendo wautali wapansi kupita kutchalitchi, ndipo kukagwa mvula ankafika atanyowa, nkuima kumbuyo kuti asanyowetse anzawo. Atakula pang'ono anabwera pa boma, nalembedwa ntchito yotchetcha udzu pa parishi.

Masiku amenewo parishi inali ndi galimoto imodzi, ndipo dalaivala wake anali a Fakiri, Msilamu wachikulire wa pa boma pompano. Tsiku lina a Stefano, pofuna kuthandiza, anatenga chisaka nkuyamba kupukuta fumbi pagalimotoyo. A Fakiri anawagwira dzanja.

"Mwanawe, siya! Fumbi la kuno ndi mchenga wa kunyanja. Ukalipukuta louma ukukanda penti. Yamba wathira madzi, fumbi litsike lokha."

A Stefano anaona timizere timene anasiya pachitseko, nachita manyazi. Koma a Fakiri sanawathamangitse. Anawaphunzitsa kutsuka kuyambira padenga kutsika mmunsi, ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsanza kuti mchenga usabwerere pagalimoto. Anawaletsa sopo waufa wochapira zovala chifukwa amafwifwitsa penti. Anawaonetsa kupaka polishi pang'onopang'ono pamthunzi, kudikira kuti auma nkuyererako, kenaka kupukuta ndi nsalu yofewa mpaka munthu adzione nkhope. A Fakiri atapuma ntchito, a Stefano anamanga chisakasa chawo pafupi ndi depoti. Sanafune kutsukira pansi pa mtengo, poti zitosi za mbalame ndi utomoni zimadya penti dzuwa likawomba.

Anakwatira mayi Leah a ku Mwadzama, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Eston ndi Tione. Ntchito yawo inali yonyozeka kwa ena, koma iwo ankaigwira ndi mtima wonse. Nyengo imene tizilombo touluka ta nkhungu timatuluka kunyanja nkumatirira kutsogolo kwa magalimoto, ankachonderera madalaivala kuti asagone nato. Wa minibasi amene wapachika nsomba pagalasi ankamuuza kuti madzi a nsombawo akadontha pachitseko osatsukidwa adzabala dzimbiri. Lamulungu chisakasa chinkakhala chotseka, ngakhale pabwere galimoto ya munthu wamkulu.

Galimoto ya parishi ankaitsuka Loweruka lililonse osalandira kanthu. Kukagwa maliro a munthu wosauka amene bokosi lake linkayenera kunyamulidwa pagalimotoyo, ankasiya chilichonse nkupita kukaitsuka ndi kuipaka polishi. Nthawi ina ndinawafunsa chifukwa chake ankadzivutitsa chonchi, poti msewu wa kumanda ndi wafumbi. Anandiyankha kuti: "Aphunzitsi, munthu uyu moyo wake wonse wayenda wapansi. Lero lokha wakwera galimoto. Ikhale yoyera."

Chiyeso chachikulu cha moyo wawo chinabwera iwo atayamba kale kumera imvi. Eston anali wa kabaza, wokwatira, ndipo mkazi wake anali ndi khanda. Tsiku lina la dzinja, mvula ikugwa, minibasi inamugunda pamsewu waukulu wopita ku Dwangwa. Dalaivala wake anali Tahiru, mnyamata wachisilamu wa pa boma amene ankatsukitsa minibasi yake kwa a Stefano. Tahiru sanathawe. Anamunyamula Eston kuthamangira naye kuchipatala, koma anamwalira asanafike. Akabaza anzake a Eston anaigenda minibasiyo, ndipo wina anatenga msomali nkukanda pambali pake mawu akuti WAKUPHA.

Khoti linagamula kuti inali ngozi. Minibasi inabwerera kwa mwini wake, Tahiru yemweyo, koma inangokhala pabwalo la nyumba, ndipo Tahiru sankatuluka. Mkwiyo sunathe. Nkhani inayamba kusintha mtundu m'kamwa mwa anthu. Ena mwa ife tomwe, akhristu, tinayamba kunena kuti Asilamu atiphera mwana. Akabaza analumbira kuti minibasiyo ikadzangotulukira pamsewu adzaiotcha. Nawo anyamata a kwa Tahiru anayamba kusonkhana kuti aiteteze. Pamsika anthu amene anakulira limodzi anasiya kupatsana moni.

A Stefano anatseka chisakasa. Ku Misa ankabwerabe, koma ine amene ndinkakhala pafupi nawo ndinaona kuti tikafika pa mawu a kukhululuka m'pemphero la Atate Athu, milomo yawo inkatsekeka. Anaonda, ndipo sankayankhula ndi munthu.

Tsiku lina atabwerako ku Misa ya m'mawa, anatenga ndowa zawo ziwiri, nsanza ndi chitini cha polishi. Mayi Leah anaima pakhomo.

"Mukupita kuti ndi ndowa, abambo a Tione?"

"Kwa Tahiru."

"Kwa amene anandiphera mwana?"

"Amayi a Tione, ndatopa kudumpha mawu ndikamapemphera. Komanso mukumva zimene anyamata akupangana. Mawa kudzagwa maliro ena m'dzina la mwana wathu."

"Mukapita kumeneko, musadzandiyankhulenso," anatero mayi Leah, nalowa m'nyumba akulira.

A Stefano anapita. Tahiru atawaona pachipata anatuluka, nagwada pamatope.

"Bambo, ngati mwabwera kudzanditemberera, ndine pano."

"Dzuka, mwana wanga. Tenga kiyi. Tipite nayo kuchisakasa, yada kwambiri."

"Akandiotchera komweko, bambo."

"Ndikhala kutsogolo, pambali pako."

Anthu anaona minibasi ija ikulowa pa boma, bambo wa womwalirayo atakhala pampando wa kutsogolo. Pofika kuchisakasa gulu linali litasonkhana, akabaza mbali ina, abale a Tahiru mbali ina. Ine ndinalipo. A Stefano sanayang'ane munthu. Anatunga madzi, nathira padenga, nayamba kutsuka monga mwa masiku onse. Atafika kutsogolo, pamene chitsulo chinapindika pogunda njinga ya Eston, anayang'anitsitsa pamalopo. Matope a tsiku lija anali adakali pomwepo, atauma. Anaima, natsamira galimotoyo, nalira mokweza ngati mwana. Palibe anasuntha. Kenaka anaviika nsanza m'madzi nkupitiriza.

Mnzake wa Eston, amene ankatsogolera akabaza, anabwera kutsogolo atagwira botolo la petulo.

"Madala, mwamuiwala kale Eston?"

A Stefano anamuyang'ana nkhope ili yonyowa. "Ndinamubereka ndine, mwanawe. Tandiuza: tikaiotcha galimotoyi, Eston adzuka? Ngati adzuke, ndipatse machesi ndiyatse ndekha."

Mnyamatayo analavula pansi, nakwera njinga yake nkumapita. Anzake anamutsatira mmodzimmodzi.

A Stefano anagwira ntchitoyo mpaka dzuwa linapendeka. Mawu aja okandidwa ndi msomali anawatikita ndi polishi wokhakhala wochotsera mikwingwirima. Zilembo zina zinafufutika, koma zina zinali zakuya. Anamuitana Tahiru nkumuonetsa.

"Izi zafika pachitsulo, polishi sangazichotse. Upite nayo kwa opopera penti mvula isanayambitse dzimbiri. Ndipo mawa ubwerere pamsewu. Ana ako adya chiyani?"

Minibasi ija sinaotchedwe, ndipo magazi ena sanakhetsedwe. Koma ndinene zoona, a Stefano sanayamikidwe ndi onse. Ena anati anawagula. Ena anati imfa ya mwana yawasokoneza mutu. Abale ena a ku Liwaladzi anasiya kufika pakhomo pawo. Chimene chinawapweteka koposa chinali kunyumba: mayi Leah ankawaphikira ndi kuwachapira monga kale, koma kwa nthawi yaitali sankacheza nawo kupatula pa zofunikira. A Stefano sanadandaule kwa munthu. Nditawafunsa, anangoti: "Iwo ndi amene anamunyamula m'mimba. Asiyeni alire mmene akufunira."

Zaka zotsatira anathandiza mpongozi wawo kulera mwana wa Eston. Msana utayamba kuwavuta ndipo maso atachita mdima, anasiyira chisakasa mwamuna wa Tione, iwo nkumakhala pampando pambali, kolona m'manja. Nthawi zina ankadzuka nkuyendetsa chikhatho pagalimoto yotsukidwa, nkunena kuti apa patsala mchenga. Misa ya m'mawa sanaisiye mpaka miyendo inakana.

Chaka chino matenda anawagoneka. Tahiru ankabwera kudzawaona Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti. Ankakhala pakhonde, popeza sankalimba mtima kulowa m'nyumba ya mayi Leah, ndipo a Stefano ankacheza naye kudzera pawindo. M'mawa wa tsiku lomaliza Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Titatha kupemphera, a Stefano anafunafuna dzanja la akazi awo.

"Amayi a Tione, kodi munandikhululukira za tsiku lija?"

"Kalekale, abambo a Tione," anatero mayi Leah. "Koma pakamwa panandilemera."

A Stefano anamwetulira, natseka maso ngati munthu wotopa ndi ntchito. Anapuma pang'onopang'ono, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anatisiya mwamtendere, dzanja lawo lili m'dzanja la akazi awo.

Pamaliro panabwera anthu ambiri kuposa amene tinkayembekeza: madalaivala, akabaza, amayi a pamsika, akhristu ndi Asilamu. Tahiru anafika ndi mkazi wake Zainab, nakhala kutali, kumapeto kwa gulu. Mayi Leah anawaona. Anadzuka pamphasa, nadutsa pakati pa anthu onse atagwirizidwa ndi Tione, naima pamaso pa Tahiru.

"Mwana wanga, kuno nkwa alendo," anatero. "Tiye ukakhale ndi abale. Bokosi la bambo ako likufuna wonyamula."

Tahiru anaphimba nkhope ndi manja. Kenaka anadzuka, ndipo anali mmodzi mwa amene ananyamula bokosi kulowa nalo m'tchalitchi.

A Stefano sanalalikirepo paguwa, ndipo sanakhalepo ndi udindo mu mpingo. Anatsuka magalimoto a anthu ena moyo wawo wonse, iwo osakhalapo ndi yawoyawo. Koma pamene ambiri a ife tinkakoleza moto ndi pakamwa, iwo anachita chimene timapempha tsiku ndi tsiku, ndipo anachichita mtima ukuwawa. Tiwakumbukire m'mapemphero a m'miphakati yathu, pamodzi ndi mayi Leah, Tione ndi zidzukulu. Ambuye amene anawatumikira mwakachetechete awalandire kwawo, ndipo awapumitse.